Ndinazira Simenti ya Eni Ake

Ndikukumbukira tsiku limene ndinazira simenti. Musaseke msanga, dikirani ndifotokoze. Ndinatenga dothi lakuda la kudambo kwathu ku Domasi, kulikanya ndi madzi m'beseni, kenako kugwada n'kulipaka pansi m'chipinda cha lendi ku Chinamwali, kuyambira kukhoma lakumapeto mpaka pakhomo, monga ankachitira amayi m'nyumba yathu yaudzu. Ndinali pa msinkhu woti mwana wayamba kuganiza. Ndipo ndinaganizadi. Vuto linali lomwelo.

Chaka chimenecho bambo anali atapeza ntchito ya ukalipentala pa shedi ina m'tauni ya Zomba. Poyamba ankapalasa njinga kuchokera kumudzi m'mawa uliwonse, koma dzinja linawagonjetsa. Ankafika kuntchito atanyowa, matope mpaka m'mawondo, anzawo atapala kale matabwa, ndipo mwini shedi anawauza poyera kuti asankhe pakati pa mudzi ndi ntchito. Anasankha kuti tisamuke. Amayi anati iwo sangasiye mpunga m'munda mbalame zikuuyang'ana, adzatipeza akakolola. Choncho ndinatsogola ndine, kuti ndikalowe sukulu komweko komanso ndizikawaphikira bambo, ngakhale zomwe ndinkaphikazo zinkafuna munthu wanjala ndiponso wachikhululuko.

Tisanasamuke panali ntchito yofuna nyumba. Kumudzi ukafuna nyumba umaumba zidina, anansi n'kudzakuthandiza kufolera. M'tauni umapempha ngati ukufunsira mbeta. Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi tinkakwera njinga ija, ine pakaliyala, n'kumakagogoda m'makomo mwa anthu. Kulikonse mafunso anali omwewo: muli ndi ana angati, mumagwira kuti, kwanu n'kuti. Nyumba ina inali yokongola, ya magalasi, koma atatchula mtengo wake bambo anavula chipewa n'kuseka pang'ono ngati auzidwa nthabwala pamaliro. Ina inali yotchipa, koma khoma lake linali litatsamira mtengo wabulugama, ndipo bambo, poti ndi kalipentala, anangouyang'ana mtengowo n'kundikoka dzanja. Ina inagundana ndi malo omwera mowa, moti mwini wake ankatifotokozera za lendi mochita kukuwa. Tinkabwerera ku Domasi dzuwa litapendeka, miyendo ili yoyera ndi fumbi, amayi n'kutiwerenga pankhope osafunsa.

Amene anatipulumutsa anali mayi wina wa Mvano, yemwe anauza bambo kuti mnzake wina ku Chinamwali ali ndi chipinda chomwe anthu amachikana. Mnzakeyo anali Mayi Chinguwo, mayi wamasiye, wathupi, woyenda pang'onopang'ono chifukwa cha mawondo, makiyi atamangirira pansonga ya chitenje. Anali ndi nyumba yawo yaikulu kutsogolo, ndipo kuseri kunali mdadada wa zipinda za lendi zoyang'ana pa mpopi umodzi. Chipinda chomwe anationetsa chinali chakumapeto, moyandikana ndi bafa. Kale munkasungidwa makala. Makoma anali akuda mpaka m'mapewa mwa munthu, windo linali thabwa, ndipo simenti yapansi inali itang'alukang'aluka ngati munda wampunga m'chilimwe. Koma mtengo wake sunawavule bambo chipewa.

Mayi Chinguwo sanabise mawu. Anati mnyamata amene ankasungamo makalawo akuchifunabe chipindacho, ndipo iwo mtima wawo uli kwa iye.

"Makala salira usiku, sathira madzi pakhonde, sabwera ndi nkhuku," anatero. "Inu akumudzi ndimakudziwani. Ndikuonani kaye mwezi uno. Msomali pakhoma ayi. Moto m'nyumba ayi. Mukandionongera chinthu chimodzi, makala abwerera."

Bambo anavomera zonse, manja ali kumbuyo ngati mwana wasukulu. Potuluka anandigwira khutu, osati mopweteka, n'kunena kuti ndamva ndekha. Ndinali nditamvadi. Ndinasunga lamulo la msomali, ndinasunga lamulo la moto. Palibe anatchula za dothi.

Masabata oyamba tinkakhala monyang'ama. Bambo ankatsokomolera m'chipewa kuti asasokoneze oyandikana nawo. Ine ndinkapereka moni kwa aliyense wodutsa pamsewu monga ndinaleredwera, mpaka pakamwa kuuma, ena n'kumandiyang'ana ngati ndikufuna kuwapempha kanthu. Ndinaphunzira kuti pampopi ndowa ndi imene imaima pamzere, mwini wake ali m'nyumba, ndipo kusuntha ndowa ya munthu ndi mlandu. Ndinaphunzira kuti khoma la mdadada silisunga chinsinsi: tinkadziwa amene wakazinga mazira ndi amene wangowiritsa madzi kuti ana aziti kukubwera kanthu. Akuseri kwathu akatsegula wailesi, nafenso tinali ndi wailesi.

Munthu woyamba kundiona ngati munthu anali a Matola, telala wa chipinda chachiwiri kuchokera kwa ife. Ankakhala pakhonde ndi makina awo opalasa ndi mapazi, tepi ili m'khosi, mapini ali pakamwa, ndipo ankayankhula mapiniwo osagwa. Ankadulira mapatani pa nyuzipepala zakale, zotsalira n'kumazitaya pansi. Ine ndinkatola n'kumawerenga. Sukulu sindinapite nayo patali, koma chizolowezi chowerenga chilichonse chogwa pansi ndinachitengera pakhonde limenelo. Mpaka lero pali nkhani zina zomwe sindidziwa mmene zinathera, chifukwa mapeto ake anapita ku mkono wa malaya a munthu.

Sukulu itatsekera, mpunga nawo unali utalowa m'matumba. Bambo anandipatsa njinga kuti ndipite kumudzi ndikatenge ufa ndi mpunga, ndikawauzenso amayi kuti Loweruka akwere minibasi. Ndinawapeza akuzira m'nyumba, ngakhale ankadziwa kuti akuisiya. Amayi anali otero. Pansi pa nyumba yawo pankadziwika mudzi wonse: pakuda, posalala, pozizira, ukapondapo phazi limasangalala lokha. Ankasefa dothi, kulinyika, kulipaka ndi chikhatho mozungulira, likayamba kuuma n'kulikulungiza ndi kamwala kawo kosalala ka kumtsinje mpaka kuwala. Azimayi ena ankabwera ngati akudzapala moto, chonsecho akudzaona pansi.

Ali chigwadire anandifunsa za nyumba ya m'tauniyo. Ndinayamba ndi zabwino: malata, mpopi, wailesi ya eni ake. Anandilola kumaliza, kenako anafunsa chomwe ndinkachizemba.

"Nanga pansi pake?"

Ndinawauza zoona, kuti pali ming'alu yoti chala chimalowa, ndipo m'mawa mumatuluka nyerere. Anapukuta thukuta ndi kuseri kwa dzanja n'kunena motsitsa, ngati akuuza dothilo osati ine, kuti chabwino, munthu amazolowera. Mawu amenewo anandilowa ngati minga. Amayi anga, a pansi powala, akazolowere nyerere?

M'mawa mwake, ndisananyamuke, ndinazemba ndi khasu n'kupita kudambo, pamalo pomwe azimayi ankakumba dothi lozirira. Kunali mame, ziputu za mpunga zikubaya kumapazi, phiri lili ndi nkhungu pamutu. Ndinadzaza thumba la feteleza kupitirira theka. Ndinalimanga pansi pakaliyala, ufa ndi mpunga pamwamba. Amene sanapalasepo njinga yonyamula dothi lonyowa asandiuze za mavuto. Pachitunda chilichonse ndinkatsika n'kumakankha, njinga ikufuna kubwerera kwawo, ma minibasi akundiimbira hutala ngati ndawalakwira. Koma mumtima ndinali mfumu. Ndinkaona kale amayi ataima pakhomo, atagwira pakamwa.

Nditafika, a Matola anasiya kupalasa makina n'kuyang'ana thumba lomwe linkadontha madzi akuda. Anafunsa kuti ndi chiyani. Ndinati ndi zakumudzi. Anati zakumudzi zimenezo zikuoneka kuti zafa kale. Ndinalikokera kuseri kwa chitseko n'kuphimba ndi mphasa.

Loweruka bambo anapita kuntchito atandilangiza kuti masana ndikawachingamire amayi pa siteji. Atangokhota, ndinatulutsa katundu wathu yense pakhonde. Sanali wambiri: mphasa, benchi yomwe bambo anakhoma ndi zidutswa, mapoto, ndi sutikesi yamalata. Ndinatseka chitseko, chifukwa kuzira ndi ntchito ya azimayi ndipo sindinkafuna kuti anyamata a pamdadada andione. Ndinakanya dothi, kugwada, kuyamba. Fungo lake linadzaza m'chipindamo, fungo la kudambo, ndipo kwa nthawi yoyamba chisamukireni ndinamva ngati ndili kwathu. Ndinkaimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Ming'alu inkasowa umodzi umodzi. Nyerere zinkathawa ndi mazira awo pamutu, ine n'kumaziuza kuti zikafune lendi kwina.

Chimene sindinaganizire n'chakuti wozira amabwerera cham'mbuyo. Pofika kuchitseko ndinayenera kuchitsegula ndi chidendene n'kutuluka chokwawa, mbuyo patsogolo, matope mpaka m'zigongono. Nditatembenuka ndinapeza azimayi a pampopi onse akundiyang'ana, wina ndowa ikusefukira osaiona.

Poyamba sanaseke. Anabwera kudzasuzumira. Ndipo kunena zoona, panthawi imeneyo pansipo pankaoneka bwino, pakuda bii, ponyezimira. Ndinaima pambali ngati mmisiri wodikira kuyamikiridwa. Koma simenti si nthaka. Nthaka imamwa madzi n'kugwirana ndi dothi lomwe waipatsa. Simenti simwa kanthu, simdziwa munthu. Dzuwa litatenthetsa malata, ntchito yanga inayamba kung'aluka, kenako kutukuka m'mbalimbali ngati nkhanambo. Pofika masana chipinda chonse chinali ngati msana wa ng'ona. Apo ndiye kuseka kunayamba. Ana anaitana anzawo a m'mapuloti ena. Wina, sindinadziwe kuti ndani mpaka lero, anathamangira kunyumba yaikulu.

Tinamva makiyi asanafike. Anthu anapatuka. Mayi Chinguwo anaima pakhomo, dzanja limodzi pachiuno, lina pafelemu, n'kuyang'ana kwa nthawi yaitali. Kenako anayang'ana katundu wathu pakhonde.

"Mwachita bwino kutulutsiratu," anatero. "Bambo ako akabwera uwauze kuti asavutike kulowetsa. Ndinanena ine. Nkhuku ndinaletsa, ndiye mwandibweretsera dimba."

Sindinalire. M'maganizo ndinaona bambo akuvulanso chipewa m'makomo mwa anthu. Ndinaona tikubwerera kumudzi komwe tinatsanzika kale, anthu akufunsa kuti tauni yatha liti. Ndinaona mwini shedi akupatsa wina chopalira matabwa cha bambo. Zonsezo chifukwa cha ine ndi nzeru zanga.

Ndipo za siteji ndinali nditaiwaliratu.

"Odi kuno!"

Anali amayi. Anali atadikira pa siteji mpaka kutopa, kenako n'kuyamba kufunsa njira okha. Analowa pabwalo mtolo uli pamutu, mlongo wanga wamng'ono ali kumsana, dengu lili m'manja. Anaona khamu la anthu pakhomo lomwe anauzidwa kuti ndi lawo, anaona ine wamatope, anaonanso mayi wamakiyi. Anatula mtolo, kugwada pafumbi pomwepo, n'kupereka moni wonse mwadongosolo, mpaka kufunsa za mawondo omwe anali asanauzidwe kuti amapweteka. Mayi Chinguwo anayankha mwachidule n'kuloza m'nyumba ndi chibwano.

Amayi anasendera pakhomo. Ndinkadikira kuti agwire pakamwa, ndipo anagwiradi, koma osati mmene ndinkalotera panjinga paja. Anatola kachidutswa kamodzi, kukafikisa pakati pa zala, n'kunditembenukira.

"Iwe Yohane, dothi ili unasefa?"

Ndinapukusa mutu.

"Unalinyika?"

Ndinapukusanso.

"Ndiye wapaka chonchi ngati ukuphoma nkhokwe? Taona kunenepa kwake! Zaka zonsezi umandiona ndikuzira, maso ako amakhala kuti?"

Ine ndinkayembekeza kuti andikalipira chifukwa chozira simenti. Iwo ankandikalipira chifukwa chozira moipa. Ndipo chodabwitsa, Mayi Chinguwo analowererapo.

"Ndiye ndimati ine! Taonani mizu ya udzu iyo. Taonani zala zake mmene zatsalira, ngati padutsa nkhanu."

"Sanakulungize n'komwe, mayi."

"Akulungize ndi chiyani, ndi chipumi?"

Bwalo lonse linagwa nako kuseka, ndipo azimayi awiri omwe anali asanadziwane mayina anapitiriza kundisenda ngati chinangwa, wina akasiya wina n'kutenga. Sindinachitepo manyazi otero, koma ndinaona kuti dzanja la Mayi Chinguwo lachoka pachiuno. Anawerama movutikira, kutola chidutswa chawochawo, kuchifikisa, kenako kuchinunkhiza. Nkhope yawo inasintha pang'ono.

"Koma dothi lokhalo ndi dothi," anatero. "Lakuti limeneli?"

Amayi anawauza kuti ndi la kudambo kwathu ku Domasi, kumunsi kwa minda yampunga. Mayi Chinguwo anati amayi awatsate. Ine ndinatsatira chapatali. Kuseri kwa nyumba yaikulu ija, ya simenti yofiira yopakidwa polishi, kunali kakhitchini kazidina komwe ankaphikira pankhuni, poti ankati chakudya cha pambaula sichiwakhutitsa. Pansi pake panali maenje okhaokha, fumbi lofiira likuuluka munthu akaponda. Anati kale ankazira okha, koma mawondo anakana, adzukulu awo amangodziwa mopu, ndipo dothi la kuno ndi lamchenga, ukazira lero mawa lasanduka fumbi. Ankayankhula ngati akudandaula za m'bale amene anasiya kuwayendera.

Amayi anamasula nsonga ya chitenje chawo. Mmenemo munali kamwala kawo kosalala kaja. Anali atakanyamula kupita nako ku nyumba ya simenti, komwe ankadziwa kuti kulibe ntchito yake. Anati m'thumba la mwanayu mwatsala dothi, akalinyika lero, Lolemba kukhitchini kuno kukhala kwina.

Mayi Chinguwo sananene kuti takhululukidwa. Sanali munthu wonena zotero. Anangotenga khasu lakutha lopanda mpini lomwe linali pakona, kundipatsa, n'kunena kuti dzuwa lisanalowe afuna aone simenti yawo. Atayenda pang'ono anatembenuka.

"Ndipo uwauze amayi ako kuti tsiku lawo losesa pabwalo ndi Lachitatu."

Munthu amene akuthamangitsidwa sapatsidwa tsiku losesa. Ndinapala simenti imeneyo ndi chimwemwe chomwe sindinachimvepo pa ntchito ina iliyonse. Azimayi omwe ankandiseka aja anabwera ndi ndowa zawo, wina ndi tsache, wina ndi chiguduli, akusekabe, koma tsopano ankafunsa amayi dzina la mwana wakumsana ndi mtengo wa mpunga ku Domasi. Pomwe bambo ankafika, katundu anali m'nyumba, amayi atakhala pakhonde pakati pa anzawo ngati anabadwira pomwepo. Atawafotokozera, bambo anakhala pabenchi, kuyang'ana ine, kuyang'ana pansi pomwe ming'alu yokha inatsala yakuda, n'kuseka mpaka kutsokomola. Tsiku limenelo sanatsokomolere m'chipewa.

Tinakhala pamdadada umenewo mpaka ine kumera ndevu. Bambo anadzamata ming'alu ija ndi simenti yeniyeni, atapempha chilolezo kawiri. Khitchini ya Mayi Chinguwo inkawala moti ankalandiriramo alendo a Mvano, kusiya mipando ya pabalaza. Ndipo chilango changa sichinathe: ulendo uliwonse wa ku Domasi, pansi pa ufa pankakhala kathumba ka dothi.

Lero ndinabwerera kwathu ku Domasi konkuno, ndipo nyumba yanga ndi ya simenti, yopanda mng'alu, ndimaiyang'anira ndekha. Ngakhale kumudzi kuno atsikana ambiri sadziwa kusefa dothi, ndipo sindiwaimba mlandu, mopu sathyola mawondo. Mwana wanga wamkazi anapeza chipinda chake ku Zomba pa foni, kudzera mwa mnyamata wina amene ntchito yake ndi yolozera anthu nyumba. Landilodi wake sanamuonepo nkhope. Ananditumizira chithunzi cha matailosi oyera, ndipo ndinamuyamikira ndi mtima wonse. Ndinangomufunsa ngati akudziwa dzina la woyandikana naye. Anati adzafunsa. Kamwala ka amayi kali pawindo langa, kamapsinja nyuzipepala kuti zisauluke, poti masiku ano ndimawerenga zathunthu, zokhala ndi mapeto.

Koma ndikakayang'ana, chimene chimandibwerera si kukalipa kwa Mayi Chinguwo kapena kuseka kwa pampopi. Ndi madzulo a Loweruka lomwe lija, nditakhala pamwala pafupi ndi bafa, ndikuchotsa matope m'zikhadabo ndi kamtengo. A Matola anali akupinda nsalu zawo kuti alowetse makina. Anandiyang'ana, kuchotsa mapini pakamwa, chinthu chomwe sankachita wamba, n'kunena kuti:

"Mphwanga, ine pakhonde pano ndaona anthu akubwera m'tauni ndi mbuzi, ena ndi mtondo, wina anabwera ndi apongozi. Koma wobwera ndi nthaka ya kwawo m'thumba ndaona iwe wekha. Usadandaule, sakusamutsanso. Angamuuze bwanji munthu kuti bwerera kwanu, kwawoko atabwera nako?"